Makandulo Awiri pa Chigumu

Mwana wathu woyamba anakwanitsa zaka ziwiri m'mwezi wa Malichi, kuno ku Perth kukutenthabe ngati dzuwa laiwala kuti nyengo yake yatha. Tinkakhala ku Cannington, m'kanyumba ka zipinda ziwiri pafupi ndi njanji, kamene mawindo ake ankanjenjemera sitima ikamadutsa. Abambo ake ndi nesi kunyumba yosamalira okalamba. Ine sukulu ndinalekezera sitandade eyiti, ndipo nthawi imeneyo ndinkakolopa m'maofesi masiku ena m'mawa. Masiku otsalawo ndinali pantchito yeniyeni, yothamangitsana ndi mtsikanayu.

Amayi anga ali ku Ntcheu. Mdzukulu wawoyu anali asanamunyamulepo, ankangomuonera pafoni ya mlongo wanga. Chaka choyamba phwando sitinachite, chifukwa mwana anali ndi chimfine, abambo akenso anali pa shifiti. Amayi sanaiwale. Anzawo ankawaonetsa mavidiyo a zidzukulu za kutauni zikuzimitsa makandulo pakeke, anthu akuwomba m'manja, koma iwo analibe choonetsa.

Panalinso nkhani ina imene inkawadya mumtima. Ine ndinakulira mumpingo wa mabenchi ndi nyimbo za m'buku. Mpingo wa Othodokisi ndinaulowa pokwatiwa, chifukwa amuna anga anabatizidwa kumeneko ku Blantyre ali mnyamata. Amayi ukwatiwo sanaukane, koma mpingowo ankangoutchula kuti "kwanu kopsopsona zithunzi kuja."

"Iwe, mwanayo akukula ngati ana a anthu?" anandifunsa tsiku lina pafoni. "Kapena mumangomuimika mu utsi wa lubani, osadya?"

"Amadya, amayi. Ana aang'ono sasala."

"Ndiye ndimuone. Chaka chino ndimuone ndi maso angawa akuzimitsa makandulo ake, akuseka ngati anzake."

Ndinawalonjeza. Ndinkafuna aone okha kuti mdzukulu wawo ndi mwana wosangalala, ndi kuti ine sindinasokere. Nditaika foni pansi m'pamene ndinakumbukira kuti lonjezo limeneli lili ndi vuto, ndipo vutolo ndinalilima ndekha ndi manja anga.

Kutchalitchi kwathu ukangolowa pakhomo umapeza chimbale chachikulu chodzaza mchenga. Aliyense amatenga kandulo yopyapyala, yonunkhira uchi, n'kuiyatsa, n'kuizika mumchengamo. Wina amayatsira wodwala, wina amayatsira amene anatisiya, wina mwana amene akulemba mayeso. Akatero amadzilemba chizindikiro cha mtanda, n'kupsopsona chithunzi cha woyera mtima chimene chimakhala pambalipo. Kandulo ya munthu ndi pemphero lake, imasiyidwa iziyaka.

Mwana wathu atangoyamba kuyenda anaphunzira kuuzira phala lotentha, ndipo anazindikira kuti mpweya wake uli ndi mphamvu. Lamlungu lina ndinamunyamula kuti aone makandulo aja. Pafupi nafe panaima agogo ena achigiriki, ovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, atangozika kandulo ya malemu amuna awo. Ndinangoona masaya a mwana afufuma. Fuu! Makandulo atatu anazima, ya agogowo ili pakati. Iye n'kudziwombera m'manja.

Agogowo sanakwiye. Anayatsanso, n'kumutsina tsaya. Koma ine ndinasowa koloza nkhope.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba sukulu yanga. Kunyumba tili ndi kakona ka mapemphero, pali zithunzi zochepa ndi kanyali ka mafuta. M'mawa uliwonse ndinkamunyamula n'kuima naye pamenepo. "Kandulo sitizimitsa. Timayang'ana, timapanga mtanda, timapsopsona chithunzi." Akafufumitsa masaya ndinkamutembenuza, tikayambirenso. Sindinamumenyepo, sindinamukalipirepo. Ndinkangobwereza, lero, mawa, mkuja, mpaka mawuwo ndinayamba kuwanena ndikukolopa m'maofesi a eni. Mmene Khirisimasi imafika anali atagwira. Anagwira mopitirira, moti anasanduka mlonda wa mchenga uja. Mwana wina akangoyandikira makandulo, iye ankaimika chala n'kunena kuti, "No!" Chichewa amamva bwinobwino, koma poyankha amayankha m'Chingerezi cha kuno, chotulukira m'mphuno.

Tsono tsiku lobadwa likuyandikira, ndinatenga chibanzi, n'kuzikapo kandulo yaing'ono, n'kuyatsa.

"Uzira, mwana wanga. Fuu."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kanduloyo, n'kundiyang'ananso ngati akuti, amayi, ine simungandikole.

"No."

Abambo ake anali pampando akuvula nsapato za kuntchito. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi, mwaphika nokha, idyani. Miyezi yonseyi mumati osazimitsa, lero mukuti zimitsa?"

"Thandizeni, musamangoseka."

"Ine? Mukamuphunzitsa lero, Lamlungu mukaime naye nokha pamchenga paja. Ine ndikakhala kutsogolo ndi ansembe, ndikati mayi awa sindikuwadziwa."

Amuna anga amathandiza paguwa. Ndi iwo amene amayatsa ndi kuzimitsa makandulo akuluakulu a kutsogolo, ndiye anali ndi mbiri yoti aiteteze.

Ndinayesa kufotokoza. "Iyi ndi ya keke. Ija ya kutchalitchi ndi ya Mulungu." Mwana wa zaka ziwiri alibe malo m'mutu osungira makandulo a mitundu iwiri. Ndinayesa kumuonetsa, n'kuuzira ndekha. Analira ngati ndamulanda bere, mpaka ndinayatsanso. Tsiku lina ndinawanyengerera abambo ake kuti auzire iwo, poganiza kuti mwana amatsanzira bambo. Anauzira. Mwanayo anatsika pamiyendo pawo, ndipo madzulo onsewo anakana kuti amunyamule. Ndinagula sopo wa thovu uja ana amauzira, ndipo anauzira mpaka botolo linatha. Nthenga ankauzira, tiyi wanga ankauzira, ngakhale bondo langa nditaligunda pa tebulo analiuzira. Koma lawi la moto, ayi.

Lamlungu lotsatira ndinawadandaulira ansembe athu tikumwa tiyi mapemphero atatha. Ndi bambo wa ana anayi, ndipo ndevu zawo zakokedwapo ndi makanda a mpingo wonse. Anamvetsera mpaka pamapeto, kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Amayi," anatero, "makolo amabwera kwa ine kudzalira kuti mwana sakumva. Inu ndinu oyamba kubwera kudzalira kuti mwana wamva."

Nzeru ina sanandipatse.

Nkhani ya keke nayo inali ndi zake. Tsikulo linagwera mkati mwa kusala kwakukulu, masabata aja Pasaka isanafike pamene akuluakulu sitidya nyama, mazira kapena mkaka. Mwana sasala, alendo sitiwakakamiza, koma ndinkafuna keke yoti tidye tonse, osati makolo kumangoyang'ana. Ndinazungulira mashopu a ku Cannington ndikukankha mwana, ndikuwerenga pang'onopang'ono timalemba ta kuseri kwa mabokosi. Paliponse mazira, paliponse batala. Ndikubwerera ndinaona nthochi zakupsa kwambiri, zija za madontho akuda zimene anthu a kuno amazidutsa, ndipo ndinadziseka ndekha. Kwathu tinkaphika chigumu cha nthochi chopanda dzira, osati chifukwa cha kupemphera, koma chifukwa mazira anali ogulitsa. Nthochi, ufa wa mgaiwa, soda, shuga, timafuta pang'ono, basi. Ndinaphika chachikulu, pamwamba n'kupakapo shuga wosalala uja wosungunula ndi madzi a lalanje, mpaka chinayera ngati keke ya m'shopu.

Oyamba kuwaitana anali asisi a ku Ellenbrook. Si achibale, koma ndi nesi wa kwathu amene anatilandira pabwalo la ndege titangofika, ndipo anatigoneka kwawo mpaka titapeza nyumba. Pakamwa pawo palibe chitseko.

"Phwando lopanda nkhuku?" anatero. "Ndibwere nditavala zakuda?"

"Kukhala mpunga, asisi, nyemba, tchipisi, zitumbuwa."

"Iwe, usandiwerengere chakudya cha kuchipatala. Nkhuku ndibweretsa ndekha, inu oyera mtima muzikanunkhiza."

Anabweretsadi, mpoto waukulu atakulunga m'thawulo. Anapeza amuna anga akukazinga tinkhanu ta m'nyanja tija, chifukwa timeneto posala timaloledwa. Asisi anasuzumira m'chiwaya n'kubwerera m'mbuyo.

"Achimwene, mpingo wanu ngodabwitsa. Nkhuku yoti Mulungu anailenga poyera ayi, koma ziwala za m'madzi izi eya?"

"Lawani kaye, asisi."

"Ndilawe chinthu cha ndevu kuposa ansembe anu?"

Pamapeto anadya zambiri kuposa tonse, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Linali Loweruka masana. Kuseri kwa nyumba kuli kabwalo kakang'ono ka simenti, ndipo tinamangako nsalu yotchinga dzuwa ndi mabaluni. Kunabwera mabanja atatu a kwathu. Ana ankathamangathamanga akulankhula Chingerezi chawo, akulu tikuwakalipira m'Chichewa, aliyense akumva mnzake. Mwana wathu anavala diresi yachikasu imene anaidetsa ndi madzi a chivwende alendo asanakhale n'komwe pansi.

Kumudzi kunali kudakali m'mawa pamene mlongo wanga anaimba. Nditayang'ana pafoni ndinaona kuti amayi sanali okha. Amayi anali atakhala pampando pakhonde, atavala chitenje chawo cha pa Sabata ndi duku watsopano. Kumbuyo kwawo kunaima amayi awiri oyandikana nawo nyumba, aja a mavidiyo a zidzukulu za kutauni. Anali atawaitana kuti adzaone.

"Tafika," anatero amayi. "Ali kuti mwini phwando?"

Ndinaika chigumu patebulo, n'kuzikapo makandulo awiri. Mumtima ndinkati mwina anthu akamaimba, ana anzake akamakuwa, aiwala malamulo n'kuuzira. Abambo ake anamuimika pampando. Ine ndinagwira foni kuti amayi aone bwino. Asisi anayatsa, tonse n'kuyamba nyimbo ija ya tsiku lobadwa, ya ku Ntcheu ikubwera mochedwa pang'ono ngati kwaya yachiwiri.

Nyimbo inatha. Tonse tinati, "Uzira! Uzira!"

Mwanayo sanauzire. Anayang'ana malawi awiriwo, nkhope yake n'kukhala ya munthu wamkulu. Anakweza kadzanja n'kudzigunda pamphumi, pamimba, paphewa, kenako pakhutu, chifukwa phewa lachiwiri anali asanalipezebe. Atatero anawerama, abambo ake atamugwira diresi kumbuyo kuti tsitsi lisayandikire moto, n'kupsopsona chigumu m'mbali mwake. Anadzuka mphuno ndi milomo zili mbuu ndi shuga, n'kuima mowongoka, manja pamimba, ngati mapemphero ayamba.

Ena anaseka, ena anati, "Aaa!"

"Akutani?" anafunsa amayi. "Iwe, bwanji sakuzimitsa?"

Panalibe pobisala. Ndinawauza zonse mwachidule, anzawo aja akumva: za mchenga, za agogo achigiriki, za miyezi imene ndinakhala ndikumuphunzitsa kuti kandulo ndi pemphero la munthu, sitizimitsa. Ndinati, "Ndayesetsa sabata yonse kuti asinthe, amayi. Wakana."

Ndinasuzumira pafoni. Nkhope ya amayi sinagwedezeke, moti ndinaganiza kuti netiweki yaduka. Phula linayamba kudontha pachigumu.

"Tiyeni timuthandize, keke ingapse," anatero asisi. Anawerama n'kukoka mpweya. Asanautulutse, kadzanja kodzaza shuga kanawatseka pakamwa.

"No, anti!"

Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka. Asisi anabwerera akudzipukuta. "Zaka zonsezi madokotala alephera kunditseka pakamwa, lero ndatsekedwa ndi ka sitandade ziro!"

M'phokosomo ndinamva mawu a amayi. "Iwe, tandiyandikitsa ku makanduloko."

"Mwati bwanji, amayi?"

"Sendeza foniyo. Ndavalira chitenjechi kuti ndidzaone makandulo akusungunuka?"

Ndinasendeza. Amayi anasunthira kutsogolo kwa mpando mpaka nkhope yawo inadzaza foni yonse. Anafufumitsa masaya, n'kuuzira ndi mphamvu zawo zonse kuchokera pakhonde la ku Ntcheu, mpaka duku anatsetserekera pamaso. Tonse maso anali pafoni. Amuna anga, amene ntchito imeneyi amaigwira Lamlungu lililonse, ananyowetsa zala n'kutsina makandulo onse awiri msangamsanga, dzanja n'kubwerera m'thumba.

Utsi uwiri unakwera. Ana anakuwa, akulu anawomba m'manja, ku Ntcheu nthungululu inalira.

Mwana anayang'ana utsiwo. Anayang'ana ine, ine n'kupukusa mutu kuti si ine. Anayang'ana abambo ake, iwo akuyang'ana mabaluni. Kenako anatembenukira ku foni, n'kuimika chala chija.

"No, gogo! No fuu!"

Mpaka tsiku limenelo, foni ikaimba ankangoinyambita kapena kuthawa. Tinkamuuza kuti, "Nena kuti agogo," iye n'kubisala kuseri kwa siketi yanga. Aka kanali koyamba kuwaitana yekha, popanda womutuma.

Amayi anasowa pafoni. Tinkangoona malata a denga akugwedezeka, chifukwa mlongo wanga nayenso ankaseka, ndipo tinkamva mawu awo chapansipansi. "Wandikalipira! Mwamva inu? Wanditchula, n'kundikalipira!" Atabwereranso anali akupukuta misozi ndi nsonga ya duku.

"Pepa, mnzanga," anamuuza mwanayo. "Ndalakwa. Sindidzachitanso."

"No fuu," anabwereza iye, kuti zimveke.

"Ayi, no fuu. Ndamva."

Mmodzi wa amayi oyandikana nawo aja anasuzumira n'kunena kuti, "Koma kamwanaka n'kolongosoka." Amayi anamuyankha osatembenuka. "N'ka kwathu."

Mtendere unabwerera titayatsanso makandulo. Anayaka mpaka kutha, ife tikudula chigumu kuchokera mbali ina, mwini wake akuyang'anira ndi chidutswa m'dzanja lililonse.

Alendo atapita ndinakhala pansi pabwalo paja ndikutola zikho za pepala, miyendo ikuwawa, ndipo ndinkangoseka ndekha. Kulera mwana wamng'ono mumpingo wathu si ntchito yooneka. Mapemphero ndi aatali, ambiri timaima. Ine nthawi yambiri ndimaithera panja, ndikuyenda uku ndi uku pamalo oimika magalimoto, ndikumuletsa kutola timiyala, nyimbo zikumveka patali. Ndimalowa naye nthawi yolandira Mgonero, ansembe n'kumupatsa pakasupuni, kenako tatulukanso. Masiku ena pobwerera pasitima ndinkadzifunsa kuti kodi ndapemphera kapena ndangosintha malo olerera mwana. Ndinkaona ngati zonse zimene ndimanena zikungogwera pansi.

Sizinkagwera pansi. Ankatola, ndipo ankatola chathunthu. Akulufe lamulo lililonse timaliikira "koma": osatero, koma pakakhala alendo, osatero, koma pa tsiku lobadwa. Iye "koma" analibe. Chimene amayi ake ananena m'mawa uliwonse ndi chimenecho, kaya pali keke, kaya pali agogo.

Zinandisangalatsa, zinandiopsanso pang'ono. Ngati anatola zimenezi, watolanso ziti? Yankho silinachedwe. Madzulo omwewo abambo ake anagwetsa supuni kukhitchini, ndipo tinamva kamawu kuchokera pansi pa tebulo kakuti, "Asa!" kenako kutsonya, ndendende mmene ndimachitira ine sitima ikandisiya. Amuna anga anandiyang'ana.

"Zimenezonso anaphunzira kutchalitchi?"

Ndinatola supuni ija n'kukaitsuka.

M'mawa mwake, tikukonzekera ulendo wa kumapemphero, ndinapeza uthenga wa mawu pafoni. Amayi anali atautumiza kudzera kwa mlongo wanga ife tili m'tulo. Ndinautsegula ndikumuveka mwana nsapato.

"Iwe, ndine. Anthu kuno sakukamba zina, vidiyo imene anajambula mlongo wako yazungulira mpaka kuchigayo. Tamvera. Sindikuti ndagwirizana nazo zopsopsona zithunzizo, usakanene kuti amayi alowa. Koma mwanayo mukumulera. Ndaona." Tambala analira chapatali. "Ukapita kwanuko ukandiyatsireko imodzi ya malemu bambo ako. Ukamuimike mnzangayo pafupi, aziilondera. Basi, ndatha. Iwe, ndizimitsa bwanji chinthuchi?"

Ndinaumvetsera kawiri. Kachiwiriko nsapato ndinaiveka kuphazi lolakwika, mwana n'kundiuza yekha.

Amuna anga anali pakhomo atanyamula kale chikwama cha matewera.

"Mukawauze amayi kuti mlonda ameneyu sagwira ntchito ndi njala," anatero.

Ndinadula chigumu chotsala, n'kuchikulunga m'pepala, ndipo tinathamangira sitima.